Nyimbo Imene Inathetsa Chinkhoswe cha Rebeka

Pakhomo pa a Elifala ku Nachisaka panali pamtendere. Iwo anali mkulu wa mpingo, akazi awo a Mvano, ndipo mwana wawo Abigail ankapeka nyimbo pabanjo yachigubu. Akaimba, ngakhale osoka fodya m'chigafa manja ankaima.

"Mwanawe," ankatero amayi ake, "zimene anthu amadzaulula pakhonde pano si za m'nyimbo ayi."

Koma pamsika wa Ntchisi nyimbo zake za mvula ndi mapiri zinkangopita ndi mphepo. Felton, wolowetsa nyimbo m'mafoni, anamuseka.

"Iwe Abi, za mitambozi amvere ndani? Anthu amafuna nkhani ya munthu, yotentha!"

Posakhalitsa Rebeka, mtsikana woyambitsa nyimbo m'kwaya, anafika kwa amayi a Abigail akulira. Abigail anali kuseri kwa nkhokwe akutong'ola chimanga, khutu lili tcheru.

"Amayi, ndili ndi mwana ku Chisepo, akuleredwa ndi azakhali. A Festus, ofuna kundikwatira aja, sadziwa. Ndikufuna ndiwauze ndekha chinkhoswe chisanafike. Mundipempherere."

Mtima unamuuza Abigail kuti leka, koma mawu anali atayamba kale kuvina m'mutu mwake. Tsiku la msika anaima pansi pa mtengo nakhudza nsambo. Dzina sanatchule. Anangoimba za namwali woyambitsa nyimbo m'tchalitchi, wobisa mwana ku Chisepo. Anthu anakhamukira, amayi nthungululu, Felton foni m'mwamba.

Kanthu kopanda miyendo koma kokwera phiri osapumira, n'chiyani? Nyimbo. Festus anaimva kwa anyamata akabaza Rebeka asanatsegule pakamwa. Ankhoswe a Festus anatumiza mawu: ukwati palibe.

"Wagulitsa misozi ya mnzako kuti akuombere m'manja," anatero a Elifala kwa Abigail osamuyang'ana. "Adzaululenso ndani pakhomo pano?"

Abigail anathamangira kumsewu. Anampeza Rebeka ali ndi kachikwama, akudikira lole yoti imuchotse m'mudzimo. Anagwada pafumbi.

"Rebeka, ndikhululukire. Banjo ija ndikaphwanya lero lomwe."

"Kaphwanye. Kukhululuka ndakhululuka. Koma tamvera uko."

Kutsidya kwa dambo atsikana otunga madzi ankaimba nyimbo ija, akuyankhizana mokoma, mawu onse osaphonya.

"Amenewo ukawaphwanyanso?" anafunsa Rebeka, nakwera lole.

Anzanganu, luso ndi la Mulungu. Mukaliveka miseche limapha, ndipo chinsinsi cha mnzanu mukachiimba, ngakhale mulape ndi misozi, simungachibwezenso kukhosi.