Masamba Obiriwira M'mimba mwa Nazenera

Ndowe ndi zimene zinayamba kuulula. Ntchito ya Mayi Sikelo, monga ankamutchulira anzake ku labotale, siinali yodzitama nayo pagulu: kuyeza udzu wouma umene ng'ombe yadya, kuyeza ndowe zimene yatulutsa, kuti adziwe kuti thupi lagaya wochuluka bwanji. Koma Nazenera, ng'ombe yokalamba imene madokotala anaiboola pambali kuti azifika m'chifu mwake, nkuiika chotsekera cha labala, inayamba kutulutsa zoposa zimene inkapatsidwa.

Mayi Sikelo anatsegula chotsekera chija, napisa mkono m'chifu chofunda, nkuvuula masamba obiriwira. Kunja kunali chilimwe, ndipo khola linkagona lokiya.

"Ng'ombe yosokoneza kafukufuku sitisunga," anatero abwana. "Zikapitirira, ipita kwa ogula nyama."

Mawuwo anamulasa mtima. Nazenera inaleredwa ndi bambo a Mayi Sikelo, amene anasamala kholalo moyo wawo wonse mpaka pamene anamwalira mwezi wapitawo. Ankaikonda ng'ombeyo mochititsa nsanje ana awo.

Mlonda, munthu amene ankaopa ngakhale chithunzithunzi chake, anamunong'oneza kuti, "Ine sindinena zambiri, mayi. Koma usiku kumamveka mluzu. Uja malemu ankaitanira ng'ombe."

Usiku woyamba Mayi Sikelo anadikira mu labotale, pakati pa mabotolo a madzi a m'chifu amene ankabwata pang'onopang'ono m'madzi ofunda. Kutada bii, mluzu unamveka, wautali, wotsika kumapeto. Nazenera inayankha motsitsa mawu. Mayi Sikelo sanatuluke, anangolira osadziwa ngati akulira mantha kapena kupukwa.

Usiku wotsatira analimba mtima nabisala kuseri kwa mitolo ya udzu. Malata ankalira ndi mphepo, ng'ombe ikubzikula mumdima. Mluzu unamvekanso, pafupi kwambiri. Kenako loko anati khethe, chitseko chinatseguka, ndipo munalowa chikhoti cha bambo ake, chong'ambika pachigongono, chitasenza mtolo.

Mayi Sikelo anayatsa tochi.

"Zimitsa, ukuiwopseza," anatero mayi ake.

"Amayi, ndinu?"

"Ukanafuna akhale ndani? Kiyi ndinamupeza m'thumba la chikhotichi. Ng'ombeyi inasiya kudya bambo ako atapita, iwe uli kalikiliki ndi sikelo yako. Ikanunkhiza chikhotichi imadya. Masamba ndimamweta kumtsinje." Anaisisita ng'ombeyo pakhosi. "Ndife amasiye awiri, ine ndi iyeyu."

Mayi Sikelo anaseka misozi ikutsika. "Mukanaiphetsa ndi chikondi chanucho. Abwana amafuna kuigulitsa. Mawa mubwere masana, masambawo ndiziwayeza kaye, kenako muziipatsa nokha. Ikadya zoyezedwa, palibe adzaikhudze."

"Chikhoti ndivale?"

"Valani."

Anakhala pansi onse awiri, ataphatikana mapewa, akumvetsera Nazenera ikutafuna.

"Koma mluzu uja mwauphunzira bwino," anatero Mayi Sikelo. "Dzulo munandiliza nawo."

Mayi ake anatembenuka pang'onopang'ono. "Mluzu? Ndi mano anga awiriwa? Ine ndimaumva ndikafika pampanda, ndiye ndimadziwa kuti nthawi yakwana." Anakoka chikhoti nadzifunditsa bwino. "Sanachedwepo kuntchito, bambo ako."

Nazenera inasiya kutafuna, nitukula mutu kuyang'ana kuchitseko, ikugwedeza mchira.