Uvuni Unakwera Phiri

Makina oyeza madzi amene anali kumtunda kwa mtsinje, kuseri kwa mapiri awiri, anasiya kutumiza manambala mvula itangoyamba. Popanda manambalawo palibe akanadziwa nthawi yochenjeza anthu a kuchigwa kuti madzi akubwera. Abwana a ofesi yoyang'anira za madzi anatuma mayi wina wa mu ofesimo, amene anzake ankangomutchula kuti Woyeza, kuti akakonze makinawo. Unali ulendo wa masiku awiri wapansi. Womulondolera njira anali mkulu wina amene kale ankasaka nyama, ndipo dzina loti Mlenje linamukakamira.

Wachitatu sanaitanidwe. Anali mwamuna wa Woyeza, wophika buledi pa bekale ya pakona, munthu amene phiri ankangoliona pa kalendala. Anali atangogula mbaula ya gasi yonyamulika, yokhala ndi kauvuni kunsi kwake, ndipo ankasowa koiyesera.

"Amuna anga, kumene tikupitako kulibe msewu," anatero Woyeza.

"Ndiye nkhani yake. Kopanda msewu kulibenso buledi."

"Chikhala pamsana panu chimenecho. Ine sindichikhudza ngakhale ndi chala."

Galimoto inawasiya pamene msewu unathera. Mlenje anasenza thumba la chakudya, Woyeza anabereka zida ndi batire, wophika buledi anabereka uvuni, silinda ya gasi ili pachifuwa, ufa wa tirigu ukulendewera m'chiuno. Akaponda, chitseko cha uvuni chinkalira kwengwere kwengwere.

"Nyama zonse za m'nkhalango muno zamva kuti tikubwera," anatero Mlenje osacheuka.

Pofika masana anali atapuma kasanu ndi kamodzi. Pena njira inadutsa pakati pa miyala iwiri, uvuni n'kukanirira pomwepo, mwini wake miyendo ili m'malere. Woyeza anaima kaye n'kumuyang'ana, kenako anatula katundu wake n'kukankha chinthu chimene analumbira kuti sachikhudza.

Dzuwa litapendeka anamanga tenti m'mbali mwa phiri loyamba, kutali ndi pamene Mlenje anafuna kuti agone. Wophika buledi sanadandaule za mapewa. Anakhazika mbaula panja, anaiyika miyala kunsi kuti ikhale molunjika, analumikiza paipi, n'kupaka thovu la sopo polumikizirapo kuti aone ngati gasi akutuluka. Atayatsa, mphepo inazimitsa. Anayatsanso, inazimitsanso.

"Akazi anga, tagwirani chinsalu ichi mutchinge mphepo."

Woyeza anaima ngati mtengo wa mbendera pafupifupi ola lathunthu. Atayamba kumva kuzizira anafunsa juzi yake.

"Muli ufa wokanda mmenemo. Kuno n'kozizira, sukufufuma."

Buledi atatuluka, kunsi kunali makala, m'kati muli phala. Mlenje anamutembenuza, anamununkhiza, n'kumubwezera m'mbale mwaulemu.

"Moto wa gasi umamenya pansi," anatero wophikayo. "Pakufunika mwala wathyathyathya woti uzigawa kutentha. Mawa muona."

Mawa lakelo anaonadi. Woyeza anafuna kunyamuka mbandakucha, koma mwamuna wake anali atakanda kale. Anadikira maola awiri, mitambo ikusonkhana kumtunda. Buledi anatuluka wofiirira bwino, fungo lake n'kudzaza chigwa chonse. Wophikayo anamuika pathanthwe kuti azizire, n'kutembenuka kuti atseke gasi. Nyani wamkulu anatsika mumtengo osathamanga n'komwe, anatenga buledi yense, anamusinthasintha m'manja chifukwa chotentha, n'kukwera naye.

Woyeza anabereka katundu wake n'kuyamba kuyenda.

Mvula inawapeza pa phiri lachiwiri. Pofika powolokera, mtsinje unali utasanduka wofiira, madzi akufika m'ntchafu.

"Tikanafika maola awiri apitawo tikanawoloka osavula nsapato," anatero Mlenje. "Tiwoloke pompano, apo ayi tibwerere."

Woyeza anawoloka. Mwamuna wake anawoloka akudzandira, uvuni ukumukokera uku ndi uku. Mlenje anali pambuyo kuti agwire amene angagwe, ndipo chipika chimene chinabwera ndi madzi chinapeza iyeyo. Chinamumenya kunsi kwa bondo, anagwa, thumba la chakudya n'kupita ndi madzi. Awiriwo anamugwira kolala n'kumukokera kumtunda. Mwendo unali utapindika pamalo posayenera kupindika.

Anamugoneka pansi pa thanthwe lotuluka ngati khonde. Woyeza anasakasaka timitengo tomangira mwendo, koma tonse tinali tokhota kapena tofumbwa. Atabwerako anapeza mwamuna wake atatsegula uvuni.

"Mukayerekeza kuphika panopa, ndikuponyerani mumtsinjemu pamodzi ndi chiuvuni chanucho."

Mwamunayo anasolola mashelefu awiri a waya, anawapinda pabondo pake kuti akhale ngati ngalande, anakulunga mwendo wa Mlenje ndi nsalu zake zogwirira mbale zotentha, n'kuika shelefu ina uku ina uku. Woyeza anamanga ndi chingwe cha tenti. Mlenje analuma chipewa chake mpaka awiriwo anamaliza kumanga.

Makina aja anali mtunda wa ola limodzi kuchokera pamenepo. Woyeza anapita yekha, mvula ikumukwapula. Anapeza batire itafa, nyerere zitamanga m'bokosi. Anapukuta, anasintha batire, magetsi n'kuyaka. Manambala amene anatuluka anaonetsa kuti madzi akukwera moopsa. Anaitana ku ofesi pa wailesi ya makinawo, nanena kuti achenjeze a kuchigwa tsiku lomwelo, komanso kuti ali ndi munthu wothyoka mwendo. Anamuyankha kuti opulumutsa anthu anyamuka, koma sangawoloke madzi asanatsike. Mwina masiku atatu.

Atabwerera pathanthwe paja anakhala pansi n'kuwerenga zimene zinatsala: ufa, mchere, yisiti pang'ono, ndi kabotolo ka mafuta. Nkhuni zonse zinali zonyowa. Anagwedeza silinda, namva gasi akuchita kapwa kapwa chapansi.

"Gasi ameneyu ndi wowiritsira madzi akumwa," anatero. "Madalawa akatsegula m'mimba tawataya."

"Madzi okha sangawasunge masiku atatu."

"Akanadya mpunga ndi nyemba zimene zapita ndi madzi chifukwa cha buledi wa anyani."

Mwamunayo anayang'ana pansi. "Ndikudziwa," anatero. Kenako anapitiriza. "Ndizipanga timabanzi ting'onoting'ono, timapsa msanga. Ndiziyatsa kamodzi patsiku, n'kuzimitsa tisanapse, kutentha kwa miyala kuzimalizitsa. Madzi tiziwiritsa oyamba."

"Mashelefu ali kumwendo kwa munthu."

"Miyala ilipo yambiri."

Anachita zomwezo. Woyeza anagwiranso chinsalu chija, msana uli kumphepo, akung'ung'udza. Mwamuna wake anagwada pa kagalasi ka chitseko, osalola aliyense kutsegula. Ufa wokanda unkafufumira m'malaya a Mlenje, popeza thupi lake linali litatentha.

"Pa moyo wanga ndagonapo pafupi ndi kambuku," anatero mkuluyo, "koma kufungatira ufa ngati nkhuku ndayambira pano."

Tsiku loyamba anadya timabanzi titatu titatu. Lachiwiri yisiti inatha, timabanzi n'kutuluka tolimba ngati zidendene, koma Mlenje anativiika m'madzi otentha n'kumeza. Anyani anabwera n'kukhala pamiyala moyang'anana nawo. Woyeza anaunjika miyala pambali pake, ndipo mkwiyo wonse wa ulendowo unathera pa iwo. Tsiku lachitatu lawi linasanduka lachikasu, linanjenjemera, n'kuzima. Wophikayo anakulunga uvuni ndi tenti yonse kuti kutentha kusathawe. Timabanzi tinatuluka tosapsa bwino m'kati. Palibe anasiya nyenyeswa.

"Kodi akazi anga, mwaona bwanji?"

"Mchere wachepa."

Masana a tsiku limenelo anamva likhweru kutsidya. Amuna asanu anaponya chingwe, anawoloka, n'kumuika Mlenje pa machira. Mtsogoleri wawo anawauza kuti madzi analowadi m'nyumba za kuchigwa, koma anapeza anthu atasamuka kale. Kenako analoza uvuni.

"Nanga ichi chafika bwanji kuno?"

"Musandifunse," anatero Woyeza.

Kuchipatala dokotala anadula chingwe cha tenti n'kuchotsa mashelefu aja. Pakhungu la Mlenje panali mizere yopingasa kuyambira pabondo mpaka pakakolo.

"Mwendo uwu mumafuna kuuwotcha?" anafunsa. Ataona chithunzi cha fupa ananena kuti amene anamanga anachita bwino, mkuluyo adzayendanso.

Woyeza anatuluka n'kukakhala pabenchi, matope ali m'tsitsi, mapazi atatupa. Anatseka maso. Kudzera pachitseko anamva mawu a mwamuna wake akuyankhula ndi namwino monong'ona.

"Pepani amayi, mashelefuwo musataye. Ndikawawongola."