Kamphepo ndi Nsapato Yonenepa

Mtsikana uyu ndi Kamphepo. Dzinali anamupatsa ndi amayi ake. Anamupatsa chifukwa mwanayu sankayenda. Ankangothamanga.

Akamutuma mchere, ankathamanga. Akamutuma sopo, ankathamanga. Ngakhale popita kukasamba, ankathamanga. Nkhuku za mumsewu zinkamudziwa bwino. Zikangomuona, zinkapatuka zokha.

Kamphepo anali ndi miyendo iwiri yamphamvu. Anali ndi nsapato ziwiri zofiira. Koma analibe mnzake.

Kusukulu ankafika yekha. Kunyumba ankafikanso yekha. Ana ena ankayesa kuyenda naye, koma ankalephera. Nanga munthu ungacheze bwanji ndi fumbi?

Lamlungu lina, aphunzitsi a Sande sukulu anati Mulungu amamva pemphero la mwana aliyense. Kamphepo anatsinzina msanga. Nalonso pemphero analithamangitsa.

"Mulungu, ndipatseni mnzanga woyenda naye kusukulu. Ameni."

Pamene ena ankayamba kutsinzina, iye anali atamaliza kale.

Lolemba m'mawa kunagwa mvula. Amayi anamuuza kuti ayende bwino. Kamphepo anavomera, koma anavomera ali kale pamsewu.

Masitepe a kusukulu anali onyowa. Kamphepo sanawaone. Anaterereka. Anagwa pansi, khu. Mwendo wamanzere unathyoka.

Kuchipatala adokotala anamumanga chikhakha. Chikhakhacho chinali choyera. Chinali cholimba. Chinali cholemera ngati mwala. Adokotala anati chikhala masabata asanu ndi limodzi. Anatinso kuthamanga ayambe waiwala.

Kamphepo analira. Analira m'chipatala. Analira m'njira. Atafika kunyumba anapuma pang'ono, n'kuyambiranso.

Abambo ake a Kamphepo anali osoka nsapato. Ankagwira ntchito pakhonde la nyumba, moyang'ana msewu. Anali ndi benchi, nyundo, singano yaikulu ndi chitini cha guluu. Pansi pa benchi panali bokosi. M'bokosimo munali tizidutswa ta mphira ndi ta chikopa.

Tsopano Kamphepo ankakhala pomwepo. Ankakhala pakampando kakafupi. Mwendo wa chikhakha ankausanjika pa bokosi.

Anthu ankabweretsa nsapato zodwala. Zina zinali zotha zidendene. Zina zinali zoyasama ngati zili ndi njala. Nsapato ikangofika, abambo ankatenga choko. Ankalemba chizindikiro kunsi kwake.

Chokocho chinali ndi nkhani yake. Kalekale abambo anasokoneza nsapato. Anapatsa mlonda nsapato za abusa. Anapatsa abusa jombo za mlonda. Mlondayo anakondwa kwambiri. Abusa okha ndi amene sanaseke. Kuyambira tsiku limenelo, choko sichinkachoka kukhutu kwa abambo.

Kamphepo anayang'ana chokocho. Anayang'ananso chikhakha chake.

"Ababa," anatero, "kodi Mulungu ali ndi choko?"

Abambo anaika nyundo pansi. Anafunsa kuti funso lotere lachokera kuti.

"Ine ndinapempha mnzanga. Ndalandira chikhakha. Ndiye kuti anasokoneza. Chikhakhachi ndi cha munthu wina."

Abambo anaseka mpaka choko chinagwa. Kenako anamusisita pamutu. Anati Mulungu sanamukankhe pamasitepe paja. Anati amene anamugwetsa ndi mvula, mothandizana ndi miyendo yake yomwe.

Atatero anakoka bokosi lija. Anatola kachidutswa ka mphira. Kanali kakuda, kopindika, kosaoneka bwino.

"Ukukaona aka, mayi? Wina angakataye. Ine sinditaya kanthu. Tsiku lake lidzafika. Nanga ngati ine wosoka nsapato sinditaya, Mulungu angataye?"

 Koma Kamphepo ankafuna mnzake, osati mphira.

Masiku anayenda pang'onopang'ono. Kamphepo ankaonerera ntchito. Munthu akabweretsa nsapato, abambo ankati, "Bwerani mawa." Wina akabweretsa, ankatinso, "Bwerani mawa." Mawu amenewa ankatuluka okha, ngati chifuwa.

Poyamba Kamphepo ankaganiza kuti ndi ulesi. Kenako anaonetsetsa. Abambo ankapaka guluu pa nsapato. Ankapakanso guluu pa soli. Akatero sankamata ayi. Ankaika zonse pambali, n'kudikira. Akadikira, ankamata. Akamata, ankamenya ndi nyundo. Akamenya, ankasanjikapo njerwa mpaka mawa.

Abambo ankati guluu safuna phuma. Ukathamanga naye, nsapato imayasamanso. Kamphepo ankati guluu ndi waulesi basi.

Patapita masabata atatu, anabwerera kuchipatala. Adokotala anamata kamphira kunsi kwa chikhakha. Anati tsopano angathe kupondera pang'ono.

Kamphepo anaimirira. Anaponda. Koma panali vuto. Mwendo wa chikhakha unatalika. Mwendo wamanja unaoneka waufupi. Akamayenda ankapendekera kumanja. Tsimphi, tsimphi. Tsimphi, tsimphi. Pofika madzulo, msana unkamupweteka.

Abambo anamuimika pakhonde. Anatsegula bokosi lija. Anaika kachidutswa ka mphira pansi pa phazi lake lamanja. Anayang'ana mapewa. Anawonjezera kena. Anayang'ananso mapewa. Pa kachitatu, mapewa analingana.

Anatenga nsapato yake yamanja. Anapaka guluu. Kamphepo anatambasula dzanja kuti alandire.

"Bwera mawa," anatero abambo.

Ngakhale mwana wawo yemwe. Osoka nsapato alibe chibale.

Mawa linafikadi. Nsapato inali itatha. Inali yofiira pamwamba, yakuda pansi. Inali yonenepa kwabasi. Amayi anati nsapato imeneyi yadya chakudya cha inzake.

Kamphepo anaivala. Anayenda mpaka pachitseko. Anabwerera. Sanapendeke. Msana unasiya kudandaula.

M'mawa mwake anakhala pakampando kake. Ana a sukulu ankadutsa. Munthu ukakhala pansi, umaona mapazi. Kamphepo anaona nsapato zakuda. Anaona nsapato zoyera. Anaona wina atavala nsapato za mkulu wake, zogubuduka m'mapazi.

Onse atadutsa, kunabwera mtsikana mmodzi. Anali yekha. Ankayenda mopendekera kumanja. Tsimphi, tsimphi. Tsimphi, tsimphi.

Kamphepo anakudziwa kuyenda kumeneko. Anakudziwa ndi msana wake womwe. Anayang'anitsitsa. Mwendo wamanja wa mtsikanayo unali waufupi pang'ono.

Anamuitana. Mtsikanayo anaima. Anayang'ana kumbuyo, kuti mwina akuitana wina. Kenako anabwera.

Kamphepo anamufunsa ngati ndi mlendo. Mtsikanayo anati ayi. Analoza tsidya la msewu, pamene panali chithunzi cha lumo ndi chipeso. Anali mwana wa ometa. Anabadwira pomwepo.

"Nanga bwanji sindinakuonepo?"

"Ine ndimakupatsa moni tsiku lililonse," anatero mwana wa ometa. "Koma moni wanga umagwera m'fumbi."

Kamphepo anachita manyazi. Anayang'ana pansi. Pansipo panali nsapato yake yonenepa. Anaiyang'ana. Anayang'ana phazi la mtsikanayo. Anaiyang'ananso.

Kenako anakoka malaya a abambo ake. Anawauza kuti adzutse mutu.

Abambo anadzutsa mutu. Anaona mwendowo. Anakanda pamutu. Zaka zonsezi ankangowerama pa benchi. Nsapato zovula ankaziona. Zoyenda sankaziona.

Masana abambo anawoloka msewu. Anakalankhula ndi ometa. Ometa anati adokotala anawauzapo za nsapato yotere. Anati sankadziwa woipanga. Abambo anati woipangayo amawapatsa moni m'mawa uliwonse. Ometa anati iwo ntchito yawo ndi mitu, za mapazi sazitsata.

Onse awiri anaseka. Anabwera pakhonde ndi mwana uja. Abambo anatsegula bokosi.

Koma mwana wa ometa anabisa phazi. Anati safuna. Anati ana amamuseka kale chifukwa cha kayendedwe. Akavala nsapato yonenepa, adzamusekanso kawiri.

 Ometa anayang'ana abambo. Abambo anayang'ana nyundo.

Kamphepo anatambasula mwendo wake wamanja. Anagwedeza nsapato yofiira ija.

"Taona yangayi, iwe. Akafuna kuseka, atiseke tonse awiri."

Mwana wa ometa anaiyang'ana. Anafunsa ngati ndi yolemera. Kamphepo anati pang'ono. Anafunsa za msana. Kamphepo anati msana unagona tulo.

Pang'onopang'ono phazi lija linatuluka.

Abambo anaika kachidutswa ka mphira. Anayang'ana mapewa. Anawonjezera kena. Anayang'ananso. Panatsala pang'ono. Anapisa dzanja m'bokosi. Anatulutsa kachidutswa kakuda, kopindika, kosaoneka bwino. Kamphepo anakazindikira. Abambo anamutsinzinira diso limodzi.

Kachidutswako kanalowa. Mapewa analingana.

Abambo anapaka guluu. Anatsegula pakamwa kuti alankhule. Koma Kamphepo anawatsogola.

"Bwera mawa," anauza mtsikanayo. "Guluu safuna phuma."

Mawa linafika. Mwana wa ometa anabwera dzuwa litangotuluka. Anavala nsapato yake. Anayenda mpaka pachitseko. Anabwerera. Anayendanso. Anabwereranso. Ometa anati akapitiriza, khonde la eni ake litha.

Lolemba lotsatira Kamphepo anayambanso sukulu. Ananyamuka ndi mwana wa ometa. Nsapato ziwiri zonenepa zinali pamsewu. Gu, gu. Gu, gu.

Ana ena anaseka. Tsiku lachiwiri anasekanso, koma pang'ono. Tsiku lachitatu analeka. Kuseka anthu amene akuseka okha kumatopetsa.

M'njira atsikanawo ankacheza. Mwana wa ometa ankadziwa zambiri. Ankadziwa galu wolusa ndi galu wongonamizira. Ankadziwa mpanda wokhala ndi chisa cha mbalame. Ankadziwa kuti aphunzitsi a masamu ali ndi kadazi, koma amabisa ndi chipewa. Kamphepo ankadabwa. Msewu womwewu anaudutsa kambirimbiri. Zonsezi sanazionepo.

Kenako tsiku linakwana. Adokotala anadula chikhakha. Mwendo unatuluka wowonda, wotuwa ngati wa nkhuku. Abambo anamatula mphira pa nsapato yofiira. Anabwezera tizidutswato m'bokosi. Nsapato inaondanso.

Kamphepo anakondwa. Koma mwana wa ometa anagwetsa nkhope. Kamphepo anamufunsa chimene chavuta. Iye anati palibe. Anafunsanso. Iye anati tsopano ayambiranso kupatsa moni fumbi.

Adokotala anali atanena kuti mwendo uyambe walimba. Choncho anayendabe limodzi masabata angapo. Mwendo unalimba. Unanenepa. Unayamba kuyabwa.

M'mawa wina kunacha bwino. Msewu unali wouma. Nkhuku zinamuyang'ana Kamphepo. Zinayang'ana mwendo wake. Zinapatuka zokha.

Kamphepo analephera kupirira. Analiyatsa liwiro. Anadutsa galu wongonamizira. Anadutsa mpanda wa mbalame. Mphepo inkalira m'makutu. Zinali zokoma kwambiri.

Anafika pakona. Anaima. Anatembenuka kuti anene kuti, "Waona?"

Panalibe womuuza.

Fumbi linatsika pang'onopang'ono. Patali anaona kamunthu. Kankayenda kokha. Gu, gu. Gu, gu. Sikanaitane. Sikanakweze dzanja.

Kamphepo anayang'ana kutsogolo. Sukulu inali pafupi. Anayang'ana kumbuyo. Miyendo inkati tiye. Mtima unkati bwerera.

Anabwerera. Pobwererapo anathamanga kuposa popita.

"Ndimangoyesa ngati mwendo ukugwira," anatero akupuma wefuwefu.

"Ndiye ukugwira?"

"Ukugwira. Tiye tiziyenda."

Anayenda. Nkhuku zinasokonezeka. Sizinadziwe kuti zipatuke kapena zikhale.

Atayenda pang'ono, mwana wa ometa anaulula chinsinsi. Anati nayenso anapemphera Lamlungu lomwe lija. Anakhala kumbuyo kwenikweni kwa kalasi. Anapempha mnzake woyenda naye kusukulu. Koma anawonjezera kuti akhale wosathamanga.

Kamphepo anaseka. Anati pamenepo ndiye anampatsa Mulungu ntchito yaikulu.

Madzulo onse anakhala pakhonde. Amayi anabweretsa tiyi. Ometa anabwera ndi mpando wawo. Abambo ankapukuta nyundo. Atsikana awiri ankakanganirana kampando kakafupi kaja. Pomaliza anakhalapo onse, wina theka, wina theka.

Amayi anati athokoze Mulungu asanamwe. Anauza Kamphepo kuti apemphere. Kamphepo anatsinzina. Anathokoza chifukwa cha mwendo. Anathokoza chifukwa cha bokosi. Anathokoza chifukwa cha mnzake. Sanathamange. Ometa anati tiyi wazizira, koma palibe anadandaula.

Abambo anachotsa choko kukhutu. Anachionetsa kwa Kamphepo.

"Nanga mayi, tikawabwereke Mulungu chokochi? Paja unati anasokoneza."

Kamphepo anapukusa mutu. Anagwira dzanja la mnzake.

"Sanasokoneze, ababa. Anangondiuza kuti bwera mawa."