Khonde la Bassou

Izi ndikunenazi sindinazitole kumsika. Zina ndinaziona ndi maso angawa, zina anaziona a Lahcen, mphunzitsi wa ku Beni Mellal, munthu wopemphera amene sadziwa kukometsa nkhani. Akadali moyo, mutha kukawafunsa. Shehe wathu nayenso akuzidziwa, kungoti mukazitchula amayamba kuyang'ana nsapato zake. Ine ndine Tuda wa ku Tighboula, mkazi wa malemu Bassou.

Bassou anagwa akukonza njira ya mbuzi. Njira zimenezi makolo athu anazimanga ndi mitengo ya mkungudza yolowetsa m'ming'alu ya thanthwe, pamwamba n'kuyala miyala, pansi phompho lokhalokha. Chisanu chikatha amuna amapita kukasintha mitengo yowola. Chaka chimenecho mtengo unathyoka iye ali pomwepo. Sanafike pansi. Anakatsakamira pa kakhonde kamene kali pakati pa thanthwe loyera, pamwamba pa kasupe wathu, malo osafikika kuchokera kumwamba ngakhale kunsi. Tinkamuona tili pabwalo la mzikiti, kadontho kakuda ka mkanjo wake. Amuna analumikiza zingwe zonse za m'mudzi, mpaka zomangira nyulu, koma zinaperewera. Shehe anamupempherera chapatali. Kenako kunabwera miimba.

Ndinagula nsalu yoyera ya maliro n'kuisunga m'bokosi. Chinthu chimodzi chokha ndinkafuna pa dziko lino, kuti mwamuna wanga agone m'dothi ngati munthu. Lachisanu akazi anzanga ankapita kumanda kukathira madzi pa mitumbira ya amuna awo. Ine ndinkangokweza maso, khosi mpaka kuwawa.

Patapita zaka kunayamba kubwera azungu okwera matanthwe, ndi zingwe zawo zamawangamawanga. Amene anachenjera msanga ndi mlamu wanga Ichou, mng'ono wake wa Bassou. Anaphunzira za zingwezo, anamanga nyumba ya alendo, ine n'kusanduka wowaphikira. Ndiye amene anathandiza azungu awiri kuboola thanthwe loyeralo n'kukhomamo zitsulo zokolekamo chingwe, njira yatsopano yoyambira pa kasupe mpaka pamwamba, yodutsa pakhonde penipenipo. Tsiku limene ndinamva zimenezi ndinatulutsa nsalu ija n'kuichapa.

"Alamu, mwafikapo pamene pali akulu anu?"

"Tafikapo. Palibe kanthu, mlamu. Mbalame ndi mvula zinamaliza kalekale."

"Ngakhale kafupa kamodzi?"

"Ndati palibe. Kapena ndikutolereni mwala muzilira nawo?"

Ndinabwezera nsalu ija m'bokosi. Ndinkadya m'nyumba mwake, nanga ndikanatani?

Njirayo inatchuka. Alendo ankatsika madzulo akuseka, akuloza kuthanthweko, n'kumamufunsa Ichou zinthu m'chinenero chawo. Iye ankaseka nawo, koma kuseka kwa mano okha. Ine chinenerocho sindimva, ndiye ndinkangothira tiyi.

A Lahcen ndi mlendo woyamba wolankhula chinenero chathu amene anakwera njirayo. Atatsika anabwera kukhitchini kudzapempha madzi otentha.

"Mayi, ndani amaweta mbuzi pakati pa thanthwe paja?"

"Palibe amaweta paja, bambo. Ngakhale mbuzi sizifikapo."

"Ndiye ndalankhula ndi ndani?"

Anati anafika pakhondepo dzuwa lili paliwombo, mnzawo wokwera naye akadali m'munsi. Anapeza bambo atakhala chotsamira thanthwe, atavala mkanjo wakuda waubweya ndi kutentha konse kuja. Analibe chingwe. A Lahcen anapereka moni, bamboyo sanayankhe. Anangofunsa kuti, "Mukutsika?" A Lahcen anati ayi, tikukwera. Bamboyo anagwedeza mutu nati, "Nonse mumangokwera."

"Anali wooneka bwanji?" ndinafunsa.

"Wamtali, wowonda. Khutu lakumanzere ndi long'ambika."

Khutu limenelo ndi la Bassou, inamuluma ndi nyulu ya bambo anga, chaka chimene ankandifunsira. Ndinakhala pansi pomwepo, paphulusa.

Madzulo amenewo ndinalowa m'chipinda chodyera alendo, mbale ili m'manja, n'kuima pamaso pa Ichou. Ndinamuuza kuti mkulu wake akupempha anthu achilendo kuti amutsitse, pamene mng'ono wake wa bere limodzi amadutsa pomwepo sabata ndi sabata. Ichou anandikokera panja.

"Mukufuna apolisi amve zoti pali mtembo? Adzatseka njirayi. Tidzadya chiyani, inuyo ndi ine?"

"Paja munati palibe kanthu. Atsekeranji njira yopanda kanthu?"

A Lahcen, amene anatitsatira, anati iwo akwera mawa ndi thumba, Ichou afune asafune. Ichou anachita manyazi n'kuvomera kupita nawo.

M'mawa amuna anakumba manda. Ine ndinakhala pabwalo la mzikiti ndi shehe, nsalu ili pamiyendo. Tinawaona akukwera, timadontho tiwiri pa thanthwe loyera. Anafika pakhonde. Anakhalitsapo. Atatsika, thumba linali lopinda monga linapitira. Ichou anandidutsa osandiyang'ana n'kukadzitsekera m'nyumba. Zimene zinachitika kumwambako anandiuza ndi a Lahcen.

Anati khondelo linali loyera ngati pabwalo posesa. Bambo uja panalibe. Kumapeto kwa khonde, m'tsinde mwa thanthwe, kunali dzenje lakukamwa ngati mtsuko. Mwala wa phiri lathu ndi wotero, ndi wamabowo, madzi amalowa pamwamba n'kumayenda mkati. M'dzenjemo munkatuluka mphepo yozizira. Mphepoyo inkanunkha ubweya wonyowa ndi utsi wa mkungudza.

Ichou anakana kuyandikira. Anati tiyeni titsike, mwaona nokha.

Akhwangwala amene ankalira pamwamba anangoti zii.

Kenako likhweru. Lalitali kamodzi, lalifupi kawiri. Linachokera m'dzenjemo, pansi kwambiri.

A Lahcen sankalidziwa. Ichou ankalidziwa. Ndi mmene Bassou ankaitanira mbuzi zake.

Linalira kachiwiri. Pafupi.

Ichou anagwada.

"Achimwene," ananong'ona, "azungu anali m'munsi, akubwera."

Mphepo ija inasiya.

"Njira yatsopano timasesa. Miyala yogwedera, zinyalala, zonse timachotsa. Ndinangosesa, achimwene."

A Lahcen anamugwira phewa. "Munasesa chiyani?"

"Mafupa anali onse. Atagona chammbali, mkanjo uli pomwepo. Ndinakankhira m'dzenjemu."

"Munakankhira ndi chiyani?"

"Ndi phazi."

A Lahcen anapisa mkono mpaka m'phewa, osakhudza kanthu. Anaponyamo mwala. Sanaumve kugwa.

Mawu akuti phazi amenewo sanandichoke m'mutu mpaka lero. Mwana wa mayi ake, amene Bassou ankamubereka kumsana popita kubusa. Akanangowakulunga mu mkanjo momwemo n'kuwatsitsa ndi chingwe, alendo akewo akanamudya? Sindinamukhululukire, ndipo musandiuze za kukhululuka. Amuna a m'mudzi anang'ung'udza sabata imodzi, kenako anakumbukira kuti nyulu zawo ndi zimene zimanyamula katundu wa alendo a Ichou. Njira sinatsekedwe. Manda aja ndinakana kuti awakwirire, ndinangoyalapo matabwa.

Chisanu chotsatira chitatha kunagwa mvula yamphamvu, kasupe n'kutuluka wofiira masiku angapo. Madzi atayera ndinapita kukatunga. Pansi, pakati pa timiyala, panali tinthu tina toyera. Ndinayesa timafupa ta mbuzi. Ndinatitola n'kupita nato kwa shehe. Anatiyang'ana nthawi yaitali, natiyala pachikhatho chake, kenako anayamba kupemphera chamumtima.

"Ndi zala, Tuda. Kazisungeni m'nsalu ija."

Kuyambira pamenepo mvula ikagwa yambiri ndimalawirira ku kasupe anthu asanadzuke. Nthawi zina ndimapeza kanthu, nthawi zina ayi. Panopa ndili ndi dzanja lamanja lonse ndi mkono wake, nthiti zingapo, ndi timafupa ta msana. Ichou samwanso madzi a kasupe, amagula a m'mabotolo ku Azilal. Alendo ake ndimawaphikira tiyi ndi madzi omwewo, ndipo amayamikira kukoma.

Chaka chatha a Lahcen anabweranso. Ndinawapempha kuti asakwere, koma anati ali ndi mawu oti akabweze. Anawapeza bambo aja atakhala pomwe paja. Mkono wakumanja wa mkanjo unali lende, wopanda kanthu mkati.

"Mukutsika?" anafunsa bambowo.

"Inde bambo, lero ndikutsika. Tiyeni."

"Pitani. Ndinayamba kale ulendo."

A Lahcen sanabwerenso ku Tighboula.

Shehe amandiuza kuti tiike zimene zilipozi, Mulungu adziwa kusonkhanitsa zotsalazo. Ine ndimakana. Sindingaike mwamuna wanga wopanda mutu. Koma ndinakapisa dzanja pamene kasupe amatulukira m'thanthwe, ndipo ndi mng'alu wopapatiza woti mutu sungadutse, dzanja langa limachita kukakamira.

Mvula yapitayi sindinapeze kanthu. Ndinagwada n'kugunditsa khutu pa mwala. Kuseri kwake, pafupi kwambiri, chinthu china chozungulira chinkagubuduka ndi madzi. Chinkagunda mwala, n'kubwerera, n'kugundanso.

Chikugogodabe.