Yesu Wosatsinzina wa ku Kalingalinga

Madzulo a Lachisanu, Eneless akuyanula zovala, wilibala inalowa pabwalo pawo. Ankaikankha ba Mukupa, tcheyamani wa kutchalitchi. Pamwamba panali mtanda wokutidwa ndi chitenje.

Eneless anaudziwa, poti ndiye ankaupukuta Loweruka lililonse. Unabwera ndi wansembe wina wa ku Spain amene anamwalira kalekale. Ankati unasemedwa zaka mazanamazana zapitazo, nthawi ya matchalitchi amiyala a makoma onenepa ndi timawindo tating'ono. Yesu wake sanali ngati wa pa kalendala. Anavala mkanjo wofika kumapazi ndi chisoti chachifumu, mutu uli njo, maso ali tong'o.

"Ba Kalumba," ba Mukupa anaitana mwamuna wa Eneless, kalipentala. "Uyu Yesu ayangana maningi, bana bayopa. Mumutseke maso, mupente na magazi."

Eneless anapsa mtima. Ana ake ati? Amene ankalephera kuyang'anizana ndi mtandawo anali ba Mukupa eni ake.

"Vinthu vakale sibagwila so! Mwafunsa ba Fada?" anatero Eneless.

"Ba Fada bali ku Chipata."

Kalumba sanafune, koma ntchito ya mabenchi onse a tchalitchi inkadutsa m'manja mwa ba Mukupa. Anakanda utuchi ndi guluu, n'kumata masowo. Anausiya mtandawo chigonere m'shedi.

Usiku magetsi anapita. Eneless anadzidzimuka. Kushedi kunkamveka kukanda. Kwe. Kwe. Kwe.

"Ni makoswe," anatero Kalumba.

Kukandako kunaleka, ngati kukumvetsera. Kenako kunayambanso, pang'onopang'ono, ngati chikhadabo pa guluu wouma. Kalumba anayatsa tochi ya foni n'kutuluka.

Eneless anamva loko akutseguka. Kenako zii. Anaitana, osayankhidwa. Anafika pakhomo n'kuima pomwepo, osatuluka. Kuwala kwa tochi kunkatulukira m'ming'alu ya shedi, osasuntha, mpaka batire linatha.

Kutacha anamupeza Kalumba atakhala pansi. Mtanda unali chiimire pakhoma. Zinyenyeswa za guluu zinali mbwee pa simenti, maso a Yesu ali tong'o. Maso a Kalumba nawonso anali tong'o, ofiira psu.

Kuyambira tsikulo munthuyo saphethira. Kuchipatala anamupatsa mankhwala odontheza, koma sizinathandize. Usiku Eneless amamuphimba kumaso ndi kansalu konyowa, iye n'kumati akuonabe. Anthu pampopi amanong'ona kuti anatsekera maso mwini maso.

Chimene chimamuwawa Eneless n'chakuti wolamulayo ali bwinobwino. Ba Mukupa anabweza mtandawo ba Fada asanabwere, ndipo ngakhale kudzazonda wodwala sanabwere. Lamulungu amakhala pa benchi yakutsogolo, yomwe anakhoma Kalumba, n'kugona ulaliki wonse, mkonono kulira pansi pa mtanda womwewo.