Bwato Lomwe Linabwerera Lokha

Mkulu wake atapita kukaona mono kumtunda kwa kamtsinje osabwerako, mmisiri wa mabwato anakankhira bwato lake m'madzi. Mlamu wake, mkazi wa wosowayo, anakwera osapempha, chikwanje chili m'manja.

"Alamu, kumeneko si kwabwino," anatero mmisiriyo.

"Ndikudziwa. Palasani."

Kamtsinjeko kanali kopapatiza moti nkhafi inkakwapula mabango mbali zonse. Akakowa ankauluka patsogolo pawo n'kukatera pokhota. Ng'azi yomwe inkaothera dzuwa pa chipika inadziponya m'madzi, phava! Kenako kunali zii. Pokhota paliponse mayiyo ankaitana mwamuna wake, koma oyankha anali achule okha.

Namasupuni atatseka njira, mayiyo anagwada kutsogolo n'kumadula ndi chikwanje, manja akutuluka magazi. Mwadzidzidzi anasiya.

"Taonani mabango awa. Athyoka posachedwa. Anadutsa pano."

Anapeza mono uli chimangire pa muzu wa mkuyu, katumbu atauboola pambali, mitu ya nsomba ili mbwee pamatope.

Patsogolo pang'ono kamtsinje kanatambasuka n'kukhala dziwe lodzaza akakombo. Maluwawo anagwedezeka popanda mphepo. Mutu wa mvuu unavuuka, kamwana kali pambali pake.

"Gonani pansi!" ananong'ona mmisiriyo, akulowetsa bwato m'gumbwa.

Anakhala momwemo udzudzu ukuwadya, osayerekeza kuupha, mpaka mvuuyo inafwenthera n'kulowera kumtunda ndi mwana wake.

Atadzutsa mitu analiona: bwato la wosowayo lili chotembenuzika, litakodwa m'gumbwa lomwelo, m'mbali mwake muli mabowo awiri a mano a mvuu. Mmisiriyo analisisita. Analisema yekha bwatolo.

Anafufuza m'mabango monse mpaka mawu a mayiyo anasasa. Anangopeza nkhafi yothyoka.

"Dzuwa lapendeka, alamu. Madzi akumwanso atithera."

"Bwatoli sitilisiya," anayankha mayiyo.

Atalitembenuza, mmisiriyo anavula malaya, kuwang'amba pakati, n'kutseka mabowowo, pamwamba n'kumata dongo. Analimangirira kumbuyo kwa lawo ndipo madzi anawatenga kutsika nawo. Mayiyo anakhala chofulatira njira, maso ali pa bwato lopanda munthulo.

Ana a wosowayo ataona mabwato awiri akutulukira pokhota, anathamangira padooko akukuwa, "Ababa abwera! Ababa abwera!"

Mwana wamkulu ndiye anayamba kuona kuti m'bwato lakumbuyo munalibe munthu. Anagwira wamng'ono paphewa, n'kulowa m'madzi kukalandira chingwe.