Kathabwa ka Subilaga

Subilaga anaima pakhonde la ofesi ya aphunzitsi, sukulu yonse itandanda pabwalo, ndipo Chingerezi chimene analoweza chinamuthawa ngati mbuzi yodula chingwe. Linali tsiku lake lolankhula pamsonkhano wa m'mawa, monga ankachitira ophunzira onse mosinthana. Anayamba bwinobwino. Atafika pa mneni woti "listen", anadziwa kuti pali kamperekezi kamene kamatsatira, koma kuti ndi kati, mutu unakana. Anangoponyapo "at". Kumzere wa fomu wani kunaphulika chiseko cha Gwamaka, mnyamata wa mawu ngati ng'oma, bwalo lonse n'kumutsatira. Subilaga anayang'ana nsapato zake mpaka a Mwaisumo, aphunzitsi a Chingerezi, anamuuza kuti atsike, adzayesenso kumapeto kwa mwezi.

Kunyumba, amayi ake anali atangofika kuchokera kothyola tiyi m'mapiri a Tukuyu. Anamvetsera nkhani yonse akusenda nthochi zophika, osamukalipira ngakhale pang'ono. Anati ku pulayimale, kumene zonse zinali m'Chiswahili, mwana wawo ankatsogola, ndiye ngati Chingerezi cha ku sekondale chamukana, si mlandu.

"Akakusekanso usadzizunze, mwanangu. Dengu lina lilipo, tizikathyolera limodzi."

Subilaga anavomera kuti akadzaumanso pakamwa pamaso pa anthu, kusukulu sadzapondako. Koma dengulo sankalifuna.

Aliyense amene anayenda maiko, nagula ndi kugulitsa m'Chingerezi pamadoko ndi m'malire, adzakuuzani kuti mawu akuluakulu sagwetsa munthu. Timene timagwetsa ndi timawu tating'ono ngati nsabwe, toperekeza aneni. Subilaga anali ndi mafunso odzaza thumba pa timawu timeneti. Vuto linali lakuti kufunsa m'Chingerezi sankatha, ndipo kufunsa m'Chiswahili kunali kuitana kathabwa.

Kathabwako kanali ka chingwe, kovala m'khosi. Wolankhula Chiswahili mkati mwa mpanda wa sukulu ankavekedwa, nayenso n'kumatchera khutu kuti amve wina akuphonya amuveke. Amene belu lowerukira lamupeza nako, ankatsala kutchetcha udzu. Choncho ana a fomu wani ankakhala chete tsiku lonse ngati ali pamaliro, kulankhulana ndi maso ndi zigongono.

Tsiku lina m'kalasi a Mwaisumo analemba pabolodi mneni woti "look", kenako timawu titatu pambali pake, nafotokoza m'Chingerezi chothamanga ngati basi ya ku Mbeya. Subilaga sanatolepo kanthu. Mtima unamuwawa, ndipo asanaganize anamva pakamwa pake pakufunsa m'Chiswahili kuti kusiyana kwake n'kotani. Mtsikana amene anavala kathabwa anadumpha mabenchi ndi chimwemwe, n'kukamuveka.

Subilaga anakhala pansi, chingwe chikumuyabwa pakhosi. Kenaka anaganiza: udzu wa lero ndautchetcha kale, nanga andivekanso kachiwiri kathabwa kamodzi komweka? Anakweza dzanja, nabwereza funso lija m'Chiswahili, mokweza, mawu onse omveka.

Lamulo linali lisanaganizirepo za munthu wotere. A Mwaisumo anayankha m'Chingerezi ndithu, koma pang'onopang'ono, ndi manja. Analoza zenera n'kulitong'olera maso. Anagwada n'kumafunafuna choko pansi pa tebulo. Anatenga kaundula n'kumuyangata ngati khanda. Kalasi inaseka, koma Subilaga anamva zonse zitatu, ndipo zinakhazikika.

Madzulo anatchetcha udzu mpaka m'manja munatuluka matuza. M'mawa mwake kathabwa kanali kadakali kake, ndipo sanatchere khutu kwa wina aliyense. Anazungulira nako sukulu yonse ngati mkanda wa mkwatibwi. Anafunsa atsikana a fomu folo pamzere wa phala, anafunsa aphunzitsi a sayansi pakhomo la kalasi. Onse ankamuyankha mosamala, m'Chingerezi chofewa, poopa kuti akaphonya awaveka. Chimene wamva ankachibwereza akutchetcha, chikwakwa chikumenya udzu motsatira mawu: mneni uku, mperekezi wake uko. Anazindikira kuti timawuti sitimvera lamulo limodzi, munthu amangoyenera kudziwa kuti aka kamayenda ndi uyu, monga umadziwira kuti mwana uyu ndi wa khomo liti.

Mnzake Tusekile anamumvera chisoni ataona manja ake. Anamunong'oneza m'Chiswahili mwadala, kuti amuveke, apumuleko tsiku limodzi. Subilaga anachita ngati sanamve.

Gwamaka yekha sanaleke chipongwe. Ankamutcha "mbuzi ya belu" m'Chingerezi chake cha mawu awiriawiri, ndipo Subilaga akamadutsa, iye ankalira ngati mbuzi. Tsiku lina pampira wina anamuponda chala Gwamakayo, iye n'kutukwana m'Chiswahili chonona, Subilaga ali pomwepo. Anyamata anaimitsa mpira, kudikira kuti aone Gwamaka akuvekedwa. Gwamaka anatuwa ndi mantha.

Subilaga anagwira chingwe chija, nachikweza mpaka pachibwano. Anaganiza za chiseko chija, ndipo manja anamuyabwa. Koma mawu ake a pamsonkhano anali asanathe kukonzedwa, ndipo panali aneni ena amene anali asanawapezere anzawo. Anachibwezera pakhosi.

"Usanjenjemere, iwe. Sindikupatsa. Ndikadali nako ntchito."

Tsiku lolankhulanso pamsonkhano litafika, a Mwaisumo anamuuza kuti avule kathabwa asanakwere pakhonde, nakasunga m'thumba mwawo. Subilaga analankhula za chifukwa chimene mwana wa fomu wani amakhalira chete. Chapakati anaphonya kamperekezi kamodzi, ndipo iye mwini anamva kuti waphonya. Kumbuyo wina anatsokomola moseka. Subilaga anapuma, nabwerera pa chiganizocho, nachinena bwino, napitirira mpaka kumapeto osayang'ana pansi. M'manja munaombedwa, osati mwaphokoso lodabwitsa, koma mokwanira. Akutsika anadziwa kuti mawa adzabweranso, ndi mkuja yemwe.

A Mwaisumo anamubwezera kathabwa, nati lamulo ndi lamulo, ngakhale kuti iwo ayamba kuliganizira mwina.

Pa nthawi yopuma Subilaga anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala akudya mandazi ndi Tusekile. Gwamaka anabwera yekha, manja m'thumba, akuyang'ana uku ndi uku. Anaima patsogolo pawo. Kenaka anapereka moni m'Chiswahili, nafunsa za kunyumba, za amayi, za nkhuku zomwe, zonse m'Chiswahili.

"Ukudziwa chimene ukuchita?" anafunsa Subilaga.

"Ndikudziwa. Sabata yamawa wolankhula ndine." Gwamaka anatsitsa mawu. "Za aphunzitsi zija, zogwada pansi pa tebulo, ine sindinazimvebe."

Tusekile anatsamwa ndi mandazi. Subilaga anavula kathabwa, ndipo Gwamaka anaweramitsa mutu yekha.

"Chikwakwa chakuthwa ndi chija cha mpini wofiira," anatero Subilaga m'Chingerezi chake chatsopano, akumanga mfundo ya chingwe. "Ukachitenge msanga, ena asanachione."